Filimu ya Chisipanishi pa Chongwe? Kondakitala anaseka, koma nkhani yake ni ya madzi athu

Ngati mumakwela basi ya m'mawa kuchoka pa Chongwe kupita mu town, mumawadziwa kale anthu amene muzapeza mo. Pa mpando wa kutsogolo pamankhala ba auntie amene amafungatila chikwama ngati muli title deed. Kumbuyo kwao kuli mudala wa jekete, mphunzitsi wopuma pa nchito, amene amakonza Chizungu cha aliyense olo sanamufunse. Pa chitseko pali kondakitala, theka la thupi panja. Ndipo masiku ano, pa mpando wa kumbuyo sipasowa mwana wa pa yunivesite, ma earphone m'makutu, maso pa foni.

Tsiku limene nikukamba, mwana wa pa yunivesite anali mtsikana, ndipo ma earphone anali ataiwala ku hostel. Basi isanafike pa Silverest, tonse tinali kumvela anthu akukangana mu foni yake mu chilankhulo chothamanga ngati njinga yopanda mabuleki.

"Sister, ni Telemundo iyo?" anafunsa kondakitala. "Nanga bwanji sibakamba Chizungu?"

Mtsikana anati ai, ni filimu ya Chisipanishi imene anaitola ku Bolivia, ndipo mau a Chizungu amalembeka pansi. Anaonjeza kuti iye na anzake afuna kupempha holo pa campus kuti azionetsa mafilimu otele kamodzi pa mwezi, ndipo filimu ikasila azikambilana na amene anaipanga kupitila pa Zoom.

Kondakitala anaseka mpaka kuiwala chenji ya munthu. "Manje imwe, manzi kulibe pa Chongwe, malaiti yamayenda, ndiye muletele banthu Chisipanishi? Bazadya ma subtitle?"

Basi yonse inaseka, na ine wemwe. Koma ninatsika na funso lija m'mutu, ndipo pamene naliganizila kwambili, naona kuti mtsikana uja sanali kulota masana.

Chinthu chimene afuna sichachilendo kwina

Ku America na ku maiko ena, ma yunivesite amachita zimenezi chaka na chaka. Kuli kampani ya ku New York yochedwa Pragda imene ili na pulogilamu ya Spanish Film Club. Sukulu imasankha mafilimu angapo a ku Spain na Latin America, pulogilamu imathandizako pa ndalama za chilolezo choonetsela, ndipo nthawi zambili amakonza kuti wopanga filimu aonekele pa screen na kuyankha mafunso a ana a sukulu. Mafilimu ake si aja a ma kampani akulu a ku Hollywood. Ni aja opangiwa na magulu ang'ono, ndalama zosonkha uku na uku, amene pa mall simungawapeze.

Kuno kwathu, chapafupi chimene tili nacho ni mafilimu a Chifalansa amene Alliance Française imaonetsa mu Lusaka, na ma festival monga Sotambe ya ku Kitwe na Shungu Namutitima ya ku Livingstone. Zonse ni zabwino, koma kwa munthu wa pa Chongwe zili kutali. Kuti uone filimu pa screen ikulu, ufunika kuyenda makilomita oposa 40 pa Great East Road, kulipila basi kupita na kubwela, kugula tikiti, ndiye uyambe kupemphela kuti filimu isile basi yothela isanapite.

Chodabwitsa ni chakuti boma la Chongwe lili na ma holo na achinyamata ambili. Chalimbana yakhala ikuphunzitsa aphunzitsi kuchokela mu 1939, ndipo manje ni yunivesite. Palabana, kumene kale kunali kudziwika na maphunzilo a ng'ombe za mkaka, nayo ni yunivesite. University of Lusaka ili na campus pa Silverest. Ngakhale Kenneth Kaunda International Airport, pamene alendo ambili amatsikila, ili mu boma lomweli. Mipando ilipo, ma projekita alipo, anthu alipo. Madzulo ma holo amakhomewa, ndipo ana a sukulu amagawikana: ena ku chechi, ena ku bar, ena pa bedi na TikTok.

Chisipanishi tili nacho kale m'nyumba

Ba auntie a pa mpando wa kutsogolo ndiwo anayamba kumuteteza mtsikana. Anati iwo anthu a ku Mexico amawadziwa kupambana ma neba awo, chifukwa akhala nawo pa sitting room zaka zambili. Sananame. Ma telenovela a pa Telemundo na ma channel ena akulitsa ana ambili mu Lusaka. Anyamata amatukanilana Barcelona na Real Madrid ngati ni mitundu ya makolo awo. Barbra Banda anayambila mpila wa kunja ku Logroño, ku Spain, mu 2018. Racheal Kundananji anasewela ku Eibar na Madrid CFF asanapite ku America. Tili na madokotala amene anaphunzila ku Cuba ndipo amakamba Chisipanishi bwinobwino.

Koma onani zimene zimatifika pa TV. Nyumba za masitepe, mwana wa bwana kukonda wanchito amene pothela pake apezeka kuti ni mwana wa bwana wina, mapasa osinthiwa ku chipatala, munthu kuiwala zonse pambuyo pa ngozi. Mau awo eni-eni anachotsewa, anaikapo Chizungu cha mu studio. Tikatamba zimenezi zaka khumi, timayamba kuganiza kuti ku Latin America aliyense ali na swimming pool. Sitidziwa kuti kuli anthu amene amaima pa mzela na zigubu monga ise.

Apa ndiye pamene filimu ya mu foni ya mtsikana uja ibwelela.

Madzi, wanchito, na womasulila wabodza

Dzina lake ni También la lluvia, ya mu 2010, yopangiwa na mzimai wa ku Spain, Icíar Bollaín. Nkhani yake ni ya gulu la opanga filimu amene apita ku Cochabamba, ku Bolivia, kukatola filimu ya Christopher Columbus. Asankha kumeneko chifukwa anthu ake ni osauka, angawalipile madola awili pa tsiku. Ali mkati mwa nchito, mzinda uyamba kuwila. Izi zinachitikadi: boma linapeleka madzi a mzinda m'manja mwa kampani, mitengo inakwela, ndipo mu 2000 anthu anatseka misewu mpaka pangano lija linathetsewa. Mu filimu, mwamuna amene amulemba kuti asewele mtsogoleli wokana Columbus ndiye amenenso atsogolela anthu pa nkhondo ya madzi. Opanga filimu afunika kusankha: kusiliza filimu yao, olo kuthandiza anthu amene akhala akuwadyela masuku pamutu.

Manje ganizilani filimu iyi ikuonetsewa mu October pa Chongwe, mtsinje utauma, ma bowser akuzungulila, ana a sukulu atasamba na kapu. Aliyense amene wakhalako pa Chongwe nthawi ya chilimwe adziwa kuti mtsinje wa Chongwe ukachepa, tauni yonse imayenda na chigubu. Kodi muganiza kuti filimu ikasila mu holo muzankhala zii? Mafunso azabwela okha: madzi ni a ndani, amene ali kumtunda kwa mtsinje amatunga bwanji, ndani amasankha mtengo. Kondakitala anati anthu sangadye ma subtitle. Zoona. Koma nkhani imene anaiika patsogolo, ya madzi, ndiyo nkhani ya filimu yomwe anaiseka.

Tengani ina, Roma, ya mu 2018, ya Alfonso Cuarón. Ilibe mitundu, ni yakuda na yoyela chabe. Imatsatila Cleo, mtsikana wa kumudzi amene asewenza m'nyumba ya banja la ndalama ku Mexico City cha mu 1970. Amachapa, amakolopa, amagoneka ana, amauziwa kuti ni wa m'banja, koma akankhala pansi kutamba TV amatumiwa tiyi. Ndani wa ife sadziwa mtsikana wotele? M'ma yadi atsopano a ku Silverest na Meanwood muli a Cleo angati ochokela ku midzi ya kum'mawa? Filimu iyi inatenga ma Oscar atatu. Ndipo chimene ana a pa Chalimbana afunika kumva ni ichi: Yalitza Aparicio, amene anasewela Cleo mpaka kupikisana nawo pa Oscar, anali ataphunzila za uphunzitsi ndipo anali asanasewelepo mu filimu iliyonse.

Yachitatu ni Ixcanul, ya ku Guatemala, ya mu 2015, ya Jayro Bustamante, imene inapata mphoto ku Berlin. Mbali yaikulu sili mu Chisipanishi ai, ili mu Kaqchikel, chilankhulo cha eni nthaka. María ni mtsikana wa pa munda wa khofi amene makolo amupezela kale mwamuna. Atenga mimba ya wina, alumiwa na njoka, amuthamangitsila ku chipatala mu tauni. Kumeneko makolo ake samva Chisipanishi, ndipo munthu amene awamasulila ali na zofuna zake. Zimene dokotala akamba na zimene makolo amva ni zosiyana, ndipo banja litaya chinthu chimene silingabwezelewe. Mu dziko la Asoli, kumene ambuya ambili amasaina mapepala a Chizungu atauziwa chabe kuti "fakani chala apa", filimu iyi siifunika kumasulila kwambili.

Chokoma chili pambuyo pa filimu

Wina anganene kuti zonsezi munthu angatambe yekha pa foni. Inde, ngati ali na bundle. Koma phindu lalikulu la zimene mtsikana uja afuna lili pa mphindi 40 za pambuyo pake, pamene malaiti ayaka ndipo munthu amene anapanga filimu ankhala pamaso panu.

Achinyamata ambili amene amatola ma skit pa foni amaganiza kuti filimu yeni-yeni imafuna mamiliyoni na bululu ku DStv. Afunika kumva nkhani monga ya Robert Rodriguez, amene anapanga El Mariachi mu Chisipanishi, mu tauni ya Ciudad Acuña ku Mexico, na madola pafupifupi 7,000. Zina mwa ndalama zimenezo anazipeza podzipeleka kuti amuyeselepo mankhwala atsopano. Filimu ija inakatenga mphoto ya openyelela ku Sundance mu 1993. Sinikuti tizigulitsa matupi athu ku ma laboratory. Nikuti munthu wa ku Guatemala olo Bolivia amene wapanga filimu popanda boma lomuthandiza, popanda ma cinema ambili, ali pafupi na ise kupambana munthu wa ku Hollywood. Mafunso amene tingamufunse ni a nchito: Unawakopa bwanji anthu a m'mudzi kuti alole kamela? Unawalipila zingati? Mau unawatola bwanji pa msika pali chongo? Filimu itasila, unabwelela kukawaonetsa? Ndalama inabwela kuchokela kuti, ndipo inakusintha nkhani?

Mayankho a mafunso otele sapezeka pa YouTube mosavuta, chifukwa amabwela pamene munthu wafunsiwa mosayembekezela na mwana wa sukulu amene saopa.

Ndipo sikuti tilibe poyambila. Rungano Nyoni, wobadwila mu Lusaka, anapata BAFTA mu 2018 na I Am Not a Witch, ndipo mu 2024 On Becoming a Guinea Fowl inamupatsa mphoto ya wotsogolela filimu mu chigawo cha Un Certain Regard ku Cannes. Can You See Us?, yotsamila pa umoyo wa woimba John Chiti, inalowa pa Netflix mu 2023. Chaka chomwecho Supa Team 4 ya Malenga Mulendema inaonetsa Lusaka ya m'tsogolo mu makatuni. MultiChoice Talent Factory ili na sukulu yake mu Lusaka. Koma funsani mu basi iliyonse ya Chongwe kuti ni angati anaona filimu ya Rungano kuyambila poyamba mpaka pothela. Anthu a ku France anaiona pa screen ikulu. Ise ambili tinaona chabe chithunzi pa Facebook na kulemba "proudly Zambian".

Mudala wa jekete anali na mfundo

Titafika pa Waterfalls, mudala uja anatsokomola monga amachitila aphunzitsi akafuna kalasi inkhale chete. Anati iye alibe vuto na Chisipanishi, koma waona zambili zotele. Zimayamba bwino, ndiye zimasanduka za anthu khumi ovala ma scarf, okamba Chizungu cha m'mphuno, alendo awili a ku embassy, zithunzi pa Instagram, basi. Anafunsa kuti n'chifukwa chiyani tithamangila za eni ake pamene zathu sitinazione.

Mfundo iyi ni yolema ndipo mtsikana afunika kuinyamula. Mlendo ndiye abwela na kalumo kakuthwa, koma kalumo kaja kafunika kumeta mitu ya pano. Ngati filimu ya ku Bolivia izaonetsewa payokha, kwa anthu amene amawelenga Chizungu mothamanga, ndiye kuti kondakitala anali na chilungamo kuseka. Njila yabwino ni kumanga ziwili pamodzi: filimu yaifupi ya mwana wa pano poyamba, ya kunja pambuyo, ndiye onse awili, wa pa Zoom na wa mu holo, ayankhe mafunso amodzimodzi. Mnyamata wa ku Chelstone amene watola filimu ya mphindi khumi pa foni ankhale pa mpando umodzi na munthu amene wapita ku Berlin. Tsiku limene wa kunja sapezeka, wa pano alipo.

Nkhani ya ma subtitle nayo ili na mankhwala amene tiwadziwa kale. M'makomboni anthu akhala akutamba mafilimu a ku China na India omasuliliwa mu Chichewa na anyamata a ku Malawi, ndipo palibe amene amadandaula kuti samva. Sitifunika kufika poika nthabwala pa maliro a mu filimu, koma munthu mmodzi angaime kutsogolo filimu isanayambe, afotokoze mu Chinyanja olo mu Chisoli kuti nkhani ili motele, anthu ake ni awa. Pa mafunso, aliyense afunse mu chilankhulo chimene alota nacho, wina amasulile. Akachita zimenezi, ba auntie, amai ogulitsa tomato pa geti, na alonda a pa campus angalowe.

Zovuta zimene sizifuna mapemphelo chabe

Choyamba ni malaiti. Tonse tikumbuka 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi ku Kariba mpaka malo ena kunkhala maola 21 pa tsiku opanda magetsi. Amene akonza chinthu chotele popanda jenseti olo solar afuna kuchititsiwa manyazi pakati pa filimu.

Chachiwili ni network. Kukambilana pa Zoom kumafuna intaneti yosadukaduka. Filimu yeni-yeni ifunika kunkhala itakopewa kale mu kompyuta, ndipo mafunso ena angatumiziwe pasadakhale kuti wopanga filimu atumize mayankho pa vidiyo ngati network yakana.

Chachitatu ni nthawi. Pamene pa Chongwe ni 19 hours, ku Mexico City ni 11 hours m'mawa, ku Bolivia ni 13 hours. Apa tili na mwai: madzulo athu ni masana awo, palibe amene afunika kuuka pakati pa usiku. Spain ndiye timasiyana nayo ola limodzi chabe, miyezi ina osasiyana konse.

Chachinai, chimene ambili safuna kumva, ni chilolezo. Kutamba filimu pa foni yako ni nkhani ina, kuionetsa ku gulu mu holo ni nkhani inanso. Sungatenge filimu pa flash ya K5, kuionetsa anthu 200, ndiye uitane mwini wake kuti akambe nawe. Olo ndalama ni yochepa, kulemba kalata na kupempha ndiye poyambila. Opanga mafilimu ang'ono ambili amakondwela kumva kuti anthu a ku dziko limene sanafikeko afuna kuona nchito yao. Ndipo ana a sukulu amene aphunzila kulipila filimu ya mlendo azaphunzila kulipila ya mnzao wa pano, chinthu chimene oimba na osewela athu akhala akulila zaka zonsezi.

Chachisanu ni chobwelela kunyumba. Filimu ikasila 21 hours, mtsikana wokhala ku boarding house kunja kwa campus ayenda bwanji? Ngati funso ili silinayankhiwe, holo izadzala anyamata okha-okha. Kuyamba 16 hours pa Chiwelu kungathetse zambili.

Chimene tingataye

Chongwe ikusintha pamaso pathu. Pamene panali minda ya chimanga manje pali ma wall fence na zikwangwani za ma plot. Lusaka ikuyenda kum'mawa mwezi na mwezi. Chaka chilichonse pa Chakwela Makumbi, a Nkomeshya Mukamambo II amapempha mvula na kudalitsa mbeu, makamela amabwela, nkhani imaoneka mphindi ziwili pa news, basi. Zotsala zonse, mkangano wa m'banja pogulitsa munda wa ambuya, mnyamata amene wadya ndalama ya plot mu miyezi itatu, mtsikana wa pa yunivesite amene makolo agulitsa ng'ombe kuti alipile fizi, palibe amene akuzitola. Zaka 20 zikubwelazi wina azabwela na ndege, atsike pa airport yathu yomweyi, atole nkhani izi, akatenge nazo mphoto. Ise tizalemba "proudly Zambian".

Anthu a ku Guatemala na Bolivia anafika poona kuti nkhani za kumudzi kwao, mu chilankhulo chao, ni zokwana filimu. Kuona m'mene anachitila, na kuwafunsa maso na maso, ni njila yotchipa yophunzilila. Imafuna holo, projekita, jenseti, chilolezo, na lecturer mmodzi wolola kusaina pepala.

Mtsikana uja anatsikila pa UNZA, ati apita kukaona mnzake wa Mass Communication amene adziwa kulemba ma proposal. Pamene anali kulandila chenji, kondakitala anamufunsa motsitsa mau kuti tisamve.

"Sister, manje baja banthu ba manzi, banawina?"

"Mukabwele mukatambe mweka," anatelo.

"Ni zingati polowa?"

"Mahala."

Kondakitala anamenya chitseko kawili kuti basi inyamuke. Tili pafupi na Arcades, anatembenukila dalaivala na kumufunsa ngati pa Chiwelu angamupezele wina womugwilila chitseko kuyambila 15 hours.